Uta Wopanda Muvi

Kwathu munthu akamwalira, bokosi lisanatsitsidwe, pamaimirira wina n'kunena mbiri ya malemu: kumene anabadwira, kumene anakwatira, ana amene wasiya. Pa maliro a a Ngozo panalibe woimirira. Anawaika anthu achilendo ovala zoyera mpaka kumaso, kumchenga kunja kwa mzinda, ife anzawo a m'chipinda titatsekeredwa ku Hor Al Anz, kuno ku Dubai, chifukwa cha korona. Nkhope sitinaione. Dothi sitinaponye. Mwezi uno chaka chakwana, ndiye ndati basi, ndiimirire ine.

Ndine Mbewe, mlonda. Mawu ndili nawo. Ndikaitana munthu tsidya lino la Bur Dubai, wa tsidya lina la madzi ku Deira amacheuka. Cholembera ndicho chimandilemera, poti sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndipo sindikupepesa kwa aliyense. Mukapeza liwu lapendama, liwongoleni nokha. Nkhani si yanga, ndi ya a Ngozo.

Anali a ku Ntcheu. Zaka zawo zenizeni ankazidziwa ndi Mulungu. Za pa pasipoti zinali za munthu wina wamng'ono kwa iwo, chifukwa kuno nkhalamba sailemba ntchito. Imvi ankazipaka mankhwala akuda ogula kwa Amwenye, Lachisanu lililonse, ndipo makutu ankada nawo limodzi. Tinagwira malo amodzi zaka zisanu ndi chimodzi: nyumba yakale ya wamalonda wina wa ngale, m'tinjira topapatiza ta kufupi ndi madzi, imene adzukulu ake anaisandutsa myuziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu zakale. Ine ndinali pakhomo ndi yunifolomu yanga. Iwo anali mkati ndi ndowa ndi kansalu, kupukuta magalasi amene zinthuzo zimagonamo.

Munthu wopukuta amapukuta n'kumapita. A Ngozo ayi. Galasi limodzi, theka la ola. Kupukuta pang'ono, kuima, kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, kenako n'kuyamba: kodi ichi ankachigwira bwanji? Nanga chogwirira chili kumanzere chifukwa chiyani, mwini wake anali wamanzere? Anzathu a ku Pakistan anawapatsa dzina loti Chacha Kyahe, poti kwawo chacha ndi amalume, ndipo kyahe ndiko kuti “n'chiyani ichi”. Ankavomera ndithu akaitanidwa choncho. Tikakwera abra, tibwato tamatabwa towolotsa anthu tija, ankakhala pafupi ndi woyendetsa dala, kumufunsa za injini, za madzi, za kwawo, mpaka munthuyo n'kukweza manja kuti zakwana: “Khalas, baba, khalas!”

Pamwamba pa nyumba ija pali nsanja ya mabowo anayi, yokokera mphepo m'zipinda, ya nthawi imene kunalibe eyakoni. Alendo amangojambulitsa pamenepo n'kumapita. A Ngozo anatola nthenga ya nkhunda, masiku atatu akuiponya pansi pa nsanja, kufuna kudziwa kuti mphepo imalowera bowo liti ndi kutulukira liti. Atadziwa, anabwera kudzandiuza ngati munthu amene mkazi wake wachira mwana wamwamuna.

M'galasi lina muli kopanira mphuno kamene osambira ofunafuna ngale ankavala potsikira pansi pa nyanja. Lachisanu lina masana ndinawapeza kubafa atagwada, chopanira zovala chili pamphuno, ndowa yodzaza ili patsogolo.

“A Mbewe, mwafika bwino. Werengani, ndione ngati ndingafike zana.”

“Inu mdala, mwakwera ndege ulendo wonsewu kudzamira mu ndowa? Kwanu ndikanena kuti chiyani?”

“Werengani inu, pakamwa pokha!”

Anavuuka pa makumi atatu, akutsokomola, maso ali psuu, mankhwala a imvi akuchucha m'khosi. Ine kuseka mpaka Mnepali wa chipinda china anabwera kudzaona. Iwo sanaseke. Anakhala pansi n'kunena kuti, “Anthu aja anali amuna. Koma pansi paja kuli zii, a Mbewe. Ndiye munthu ankaganiza chiyani ali yekhayekha kumeneko?”

Tinkakangana tsiku ndi tsiku, ndipo sindibisa, woyamba ndinali ine. Ndinkati mafunso sadyetsa munthu, anakutumani kudzapukuta, pukutani. Ndinkati mlendo m'dziko la eni amayenda maso ali pansi. Iwo ankayankha kuti munthu amene wasiya kufunsa anafa kale, kungoti akudyabe. Ankatinso sapukuta fumbi iwo, amalambula njira yoti maso a munthu akafike pa chinthu, chifukwa maso akafika, funso limabadwa lokha. Ine ndinkati zimenezo akanene kwa supavaiza, aone ngati angawakweze pa ntchito.

Pano ndinene chimene sindinanenepo kwa munthu. Timapepala ta Chingerezi tomata pa magalasi tija sindinkatha kutiwerenga. Mlendo akandifunsa, ndinkangomuuza za m'mutu mwanga mokweza, poti wolankhula mokweza amaoneka wodziwa. Mzungu wina ndinamuuza kuti miyala imene osambira ankamanga kuphazi kuti amire msanga inali yogendera ng'ona. Kuno kulibe ng'ona ndi imodzi yomwe. A Ngozo anali kumbuyo kwanga ndi kansalu kawo, anamva zonse. Ndinadikira kuti andiseke pa basi. Sanatero. Kuyambira m'mawa mwake, akamapukuta kufupi ndi khomo, ankawerenga timapepala tija mokweza n'kumamasulira m'Chichewa, ngati akudzilankhulira okha. Ine maso kumsewu, khutu kwa iwo. Zaka zisanu tinachita zimenezo, ndipo palibe anatchula, iwo kapena ine.

Ndiye munthu ameneyo, tsiku limene ambulansi inabwera kudzawatenga, tinali titatha masabata asanu osalankhulana, bedi langa lili pamwamba pa lawo. Chinatidanitsa ndi uta. Ndibwerere kumbuyo kuti mumve bwino.

Kuseri kwa khitchini ya nyumba ija kuli kachipinda kopanda zenera, kamene kale munkagona antchito. Alendo ambiri safikako, amasuzumira n'kubwerera. Muli galasi limodzi lokha, ndipo m'galasimo muli mkeka wothaitha, kamphika, ndi bango lalitali ngati mkono wa munthu, lopindika pang'ono, lomangidwa chingwe kuchokera uku kukafika uku. Kapepala kake kankati ndi uta wa mwana wolasira mbalame, wochokera kugombe la Africa.

Sabata yawo yoyamba pa ntchito a Ngozo anandikoka dzanja kundichotsa pakhomo.

“Tayang'anani. Uwu ndi uta?”

“Alemba kuti uta, ndi uta.”

“Munaonapo uta wa bango inu? Muukoke kamodzi, uthyoka. Pakati pa chingwe, pamene muvi umakhala, palibe podyeka. Koma onani kumapeto uku.”

Kumapeto kumodzi bango linali lakuda, losalala, lonyezimira ngati mpini wakale.

“Imeneyo ndi milomo,” anatero. “Uwu ndi mkangala.”

Ine wa ku Dedza kumapiri ndinali ndisanaumvepo. Anandifotokozera kuti ndi choimbira cha akazi. Mbali imodzi amaika pakamwa, chingwe n'kumachikhwatcha ndi kachitsotso, ndipo mawu amakulira m'kamwa mwa woimbayo. Mawu ake ndi aang'ono, moti wokhala naye mkeka umodzi amachita kutchera khutu. Si wa pa gule, si wa paukwati. Mkazi amadziimbira yekha, mwamuna wake akapita kutali. Achemwali awo aakulu, a Nangozo, ankaimba kuseri kwa nkhokwe amuna awo atapita ku Joni, ndipo anaimba mpaka imvi, poti bamboyo anatchona. A Ngozo ali kamnyamata ankauba mkangalawo n'kukaphunzira kudambo, mpaka amalume awo anawagwira n'kuwakwapula kuti mwamuna sagwira za akazi.

Kuchokera pamenepo kachipinda kaja kanasanduka kwawo. Galasi limenelo ankalipukuta kawiri pa tsiku, chikhalirecho palibe ankalikhudza. Ndipo mafunso! Mkazi wa kwathu anafika bwanji m'nyumba ino? Anabwera yekha kapena anachita kumubweretsa, nthawi ija anthu ankagwidwa n'kuwakweza zombo? Bango analipeza kuti kuno kopanda dambo, kapena anayenda nalo ulendo wonse? Chingwe chikaduka ankapota ndi chiyani? Sankanena kuti akudziwa. Ankati mwina anali wa kwina, poti mwina mitundu ina ili nacho chinthu chomwechi. Koma funso limene ankamalizira nthawi zonse linali limodzi: ankaimbira yani?

Ine ndinatopa nazo, ndipo ndinawapatsa dzina langalanga. M'chipinda, pamaso pa anthu, ndinkakuwa kuti, “A Mkangala, tiyi wanu wazizira!” “A Mkangala, basi ikukusiyani!” Anyamata a ku Zambia a bedi la pakona anatengera, osadziwa n'komwe tanthauzo.

Tsiku lina pa abra, ndikuwaseka choncho, anandiyankha osandiyang'ana. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho iwo ali kuno, ndipo tchuthi chinachedwa, anakapeza manda atamera udzu. Anati alamu awo a ku Joni aja anawada moyo wawo wonse, koma tsopano akaganiza, kusiyana kwa iwo ndi bambo uja ndi kwakuti wina anakwera sitima, wina ndege. Anati sanafunsepo akazi awo kuti madzulo ankatani. Ine ndinangoyamba kukalipira woyendetsa kuti akuchedwetsa anthu.

Chimene ankafuna chinali chaching'ono: kapepala kasinthidwe, chinthu chiitanidwe ndi dzina lake. Ankati kuitana choimbira cha mayi kuti chidole cha mwana kuli ngati kumuika mayiyo m'manda a munthu wina. Anauza supavaiza wa kampani yathu kawiri. Supavaiza anati, “Inshallah, chacha.” Amene munakhalako kuno mukudziwa “Mulungu akalola” wamtundu umenewo. Mwini wake weniweni anali Madamu, mdzukulu wa wamalonda uja, mayi wofatsa wovala zakuda, amene ankabwera kamodzi pa mwezi ndi makiyi kudzatsegula magalasi kuti mkati mupukutidwe. Koma lamulo la kampani linali loti wopukuta salankhula ndi Madamu. Amavala magulovu, amapukuta pamene walozeredwa, basi. Zaka zisanu ndi chimodzi a Ngozo anasunga lamulo limenelo, mawu ali pakhosi.

Kenako korona anamveka. Alendo anayamba kuchepa, aliyense masiki kumaso, ndipo mphekesera inati nyumba zonse zoonetsera zitsekedwa, kutsegula kwake sikukudziwika. Sabata imeneyo a Ngozo anapaka imvi Lachitatu m'malo mwa Lachisanu. Ndinaona, koma sindinafunse.

M'mawa mwake Madamu anabwera ndi makiyi. Ine ndinali pabwalo la mkati, pamene umatha kuona khomo la kachipinda kaja. Madamu anatsegula galasi, n'kutembenuka kuyankha foni. Ndinaona a Ngozo akuvula magulovu pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anatsitsa masiki. Ananyamula bango lija ndi manja awiri ngati khanda, m'thumba la malaya n'kutulutsa kachitsotso ka machesi, kumapeto kwakuda kuja n'kuika pakamwa.

Abale anga, ndinakuwa. Ndikuti ndinakuwa!

“A Ngozo! Mwapenga? Bwezeranipo msanga! Malovu pa katundu wa eni, nthawi ya matenda ino? Mutichotsetsa ntchito tonse! Chingwe chikaduka mulipira ndi chiyani? A Ngozo, ndikulankhula ndi inu!”

Ndinathamangira komweko ndikukuwabe. Maso awo anali otseka. Dzanja linkayenda, masaya ankafufuma ndi kuphwa. Madamu anali atatsitsa foni, ataima chilili. Anakweza dzanja kuloza kwa ine, ndipo ine ndinayesa akuti mgwireni, ndiye ndinawonjeza mawu. Lero ndikudziwa kuti ankati khalani chete. Nkhunda zonse za pa nsanja zinauluka. Supavaiza, amene anali kunja pamsewu ndipo sakanadziwa kanthu, anamva mawu anga n'kubwera chothamanga.

A Ngozo anamaliza okha, osafulumira. Anapukuta bango ndi malaya awo, analigoneka pamalo pake, n'kunena kanthu kwa Madamu, koma supavaiza anali atayamba kale kukalipa ndi kupepesa nthawi imodzi, ine ndikuthandizira kuti ndinawaletsa, aliyense wamva kuti ndinawaletsa. Madamu anatseka galasi, kiyi kugwa kawiri, n'kutuluka.

Tsiku lomwelo kampani inawachotsa ku myuziyamu. Inawatumiza kukakolopa masitepe ndi zimbudzi ku nyumba ina ya antchito, kumafakitale, kumene ankasungirako odwala.

Pa basi madzulo amenewo anakhala pafupi nane monga mwa masiku onse. Titawoloka mlatho anati, “Mwaumva?”

“Ndimve chiyani? Misala yanuyo?”

“Chingwe chinali chamoyo, a Mbewe. Zaka zonsezi.” Kenako anati, “Ndinkafuna mboni ya kwathu. Kamodzi kokha.”

Ndikanati pepani. Liwu lake ndi lalifupi, ngakhale wa Sitandade 2 amalidziwa. Ine ndinati ndinachita ntchito yanga, ndipo mlonda amene sakuwa si mlonda. Anagwedeza mutu n'kuyang'ana pazenera. Kulankhulana kwathu kunathera pamenepo.

Sindikunena kuti ndinawapha ndine. Myuziyamu itatsekedwa, opukuta onse anawamwaza kwina ndi kwina, ndipo matenda anali paliponse, mu basi, mu lifiti, m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu. Ndimadziuza zimenezi kawirikawiri. Koma ku nyumba ya odwala ija anatumizako munthu mmodzi yekha, ndipo anamutumiza chifukwa cha mawu anga.

Atatseka, ine anandisiya kulondera nyumba yopanda munthu. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndekha. Kumsika wa nsalu zitseko zonse pansi. Pamadzi palibe abra ndi imodzi. Munthu wa mawu ngati ine, wopanda womukuwira! Masiku oyamba ndinkakalipira amphaka. Kenako ndinayamba kuyendayenda m'zipinda, ndipo poti panalibe wondiona, ndinayamba kuima pa magalasi n'kumalondola timapepala ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Zambiri ndinkazidziwa kale pamtima, m'mawu a a Ngozo, ndiye ndinkangolumikiza liwu ndi malemba ake. Sikelo ya ngale ndinaiyang'ana tsiku lathunthu. Timiyala take toyezera n'tating'ono ngati mapira. Ndinadzimva ndikufunsa mokweza kuti, nanga kakagwa pansi ankakapeza bwanji? Ndinacheuka kuti ndione ngati a Ngozo amva. Kunali khoma.

Matenda a mafunso aja anandigwira mochedwa, mwini wake atachoka. Madzulo ndinkafika m'chipinda mafunso ali thoo m'kamwa, iwo atagona pa bedi lapansi kuyang'ana kukhoma, mapazi atatupa. Ndinkangokwera pamwamba. Ndinkati mawa.

Anayamba ndi chifuwa, kenako kutentha thupi, kenako mpweya. Tsiku la ambulansi anakana machira, anatsika masitepe okha atagwira khoma. Imvi zinali zitatulukira zonse, mbuu, ndipo ndi pamene ndinaona kuti bambo amene ndinkamuseka uja anali nkhalamba yeniyeni. Pakhomo anaima, n'kundiyang'ana pamwamba pa masiki.

“Magalasi ada?”

“Ada.”

“Nyuzipepala, a Mbewe. Nsalu yonyowa imasiya mizere.”

Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo.

Ife otsala anatitsekera m'chipinda masabata awiri. Tsiku lachinayi ndinalowa kubafa ndi foni n'kuwajambulira mawu. Sindinati pepani, ndisaname. Ndinati, “A Ngozo, ndi Mbewe. Ndili ndi funso. Chingwe n'chimodzi, nanga mawu amasintha bwanji kuti ikhale nyimbo? Mundiyankhe, musanyade.” Iwo akanamva kuti pepani ali momwemo. Uthengawo unafika, koma timizere take tiwiri sitinasinthe mtundu. Mpaka lero ndi totuwa.

Patapita miyezi iwiri, nyumba ikadali yotseka, ndinamva kiyi pakhomo masana. Anali Madamu, okha. Anaima patali monga mwa lamulo la masiku amenewo, n'kufunsa m'Chingerezi chawo chofatsa kuti bambo wachikulire wopukuta uja ali kuti, chifukwa kampani ikungowazungulitsa. Ndinawauza. Anakhala pansi pa mpanda wa chitsime cha pabwalo.

Kenako anandiuza. Nyimbo imene a Ngozo anaimba tsiku lija, agogo awo aakazi ankaing'ung'udza powagoneka ali mwana. Yomweyo kapena mbale wake, anatero. Agogowo anaiphunzira kwa mayi wina wakuda amene anawalera, amene ankagona m'kachipinda kaja mpaka imfa yake. A m'nyumba ankamuitana ndi dzina limene anamupatsa okha. Kumene anachokera, dzina limene mayi ake anamutcha, palibe anafunsa. Madamu anati tsiku lija anathawa chifukwa cha nyimboyo, si mkwiyo ayi, ndipo ankati abweranso mawa lake, koma mawa lake misewu inatsekedwa.

“Ananditchulira dzina la chinthucho,” anatero, “koma kunali phokoso, sindinamve.”

Sananene kuti phokoso la yani. Mayi waulemu.

“Inu mukulidziwa?”

Mukhulupirire, mutu wanga unayera mbee. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu akulitchula m'khutu mwanga, ndipo pa nthawi yake liwu linathawa. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, ndikudziwa kuti mu Dubai monse, mwina ndine ndekha wotsala nalo, ndipo likanditayika, mayi uja akhala mwana wolasa mbalame mpaka kalekale. Ndinafufuza m'mawu onse abwino amene a Ngozo anandiuza, osalipeza, poti abwinowo sindinkawasunga. Ndinalipeza m'chipongwe changa. Ndinamva pakamwa panga pakunena pokha kuti, “A Mkangala, tiyi wanu wazizira.”

Madamu ananditambasulira kabuku ndi cholembera. Ine Mbewe, amene sindinalembepo kanthu pamaso pa bwana kupatula dzina langa, ndinagwada, kabuku pabondo, n'kulemba zilembo zisanu ndi zitatu, zazikuluzikulu ngati za pa thumba la feteleza.

Anafunsanso. Nyimbo ija ili ndi mawu? Imanena chiyani? Chingwe amapota ndi chiyani? Achemwali awo aja alipo?

“Sindikudziwa, Madamu. Sindinafunse.”

Anandipempha kuti ndibwereze, chifukwa sanamve. Ine, kundiuza kuti ndikweze mawu! Chimene ndinatha kuwapatsa ndi funso la a Ngozo lomalizira lija, ndipo analilemba.

Atatsegulanso, kapepala kanali katsopano. Ndinakawerenga ndekha, ndi chala, popanda wondimasulira. Kamati mkangala, choimbira cha akazi, choimbidwa ndi pakamwa munthu akakhala yekha. Kamati mwini wake anakhala m'chipinda chino, ndipo dzina lake lenileni silikudziwika. Kamati anatiuza ndi bambo Ngozo a ku Malawi, amene ankapukuta galasi lino. Pansi penipeni pali mzere waufupi wothera ndi chizindikiro chokhota chija: ankaimbira yani?

Alendo tsopano amaima pamenepo. Mzimayi wina wa ku Mulanje, wolera ana kwa Mwarabu, anabwera ndi ana a abwana ake, anawerenga, n'kugwira pakamwa kuti, “Mayo ine, amayi anga anali nawo!” Ndinamufunsa mafunso mpaka ana aja anayamba kulira kuti yalla, yalla, tiyeni tizipita. Kuimba satha. Akuti anaona chabe.

Malo awo ku Hor Al Anz musawafune. Bedi la kampani silizizira. Sabata isanathe munagona kale munthu wina, ndipo msomali umene ankapachikapo malaya pali tawulo la eni. Malo a a Ngozo ali m'kachipinda kaja. Wopukuta watsopano amapopera mankhwala, kukoka nsalu kawiri, nyimbo zili m'makutu, n'kutuluka. Ndi munthu wabwino, sindimudandaula. Akachoka ndimalowa ndi nyuzipepala kukachotsa mizere.

Pansi, kumanja kwa galasi, pali chizindikiro chozungulira pamene ndowa yawo inkakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Madzi anadya laimu, ndipo sichichoka. Kutsogolo kwake simenti ndi yosalala malo awiri, pamene ankapondapo atapendeketsa mutu. Sindipondapo. Ndimaima pambali, pamalo pa mboni.

Masana dzuwa likakula, alendo akathawira m'mithunzi, ndimavula chipewa, n'kuyandikitsa khutu pagalasi. Bango lili pomwepo, chingwe chili chokoka, kumapeto kuja kuli kwakuda ndi milomo ya anthu awiri tsopano. Mumamveka eyakoni, ndi nkhunda pa nsanja, ndi mpweya wanga. Ndimatseka pakamwa ndithu, a Ngozo, mpaka nsagwada kuwawa. Yambani pamene mukufuna.